Tsiku limene ndinagoneka asewere m'chipatala

Nkhani iyi ndinkafuna ndife nayo, koma Amalawi a ku Nairobi kuno aifalitsa kale mokhotakhota, ena mpaka akuti anandithamangitsa ndi agalu. Ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndiwasenze ndekha. Agalu ondithamangitsa kunalibe. Koma mukaimva yonse muvomereza kuti agalu akanakhala bwinoko.

Ine ndine Mbewe. Ndimakhala ku Madaraka, ndimayang'anira magalimoto ku bungwe lina, ndipo nthenda yanga ndi imodzi, pakamwa. Kukakhala ukwati, phwando la mwana kapena kutsanzikana ndi mnzathu amene akubwerera kumudzi, maiki imandipeza ine. Ena amati ndimaipeza ndine, koma amenewo ndi ansanje chabe.

Mwana wathu Tadala anapeza mnyamata wa konkuno, dzina lake Brian. Mnyamata wofatsa, waulemu, wopereka moni ndi manja awiri ngati anakulira ku Dedza. Vuto linali bambo ake, ahedi opuma ntchito, amene aliyense amawatcha Mwalimu Mutinda, poti mwalimu ndi mphunzitsi m'Chiswahili. Mkuluyu sankasangalala kuti mwana wake akwatire mtsikana wakunja. Kukana sanakane, kuvomera sanavomere. Anangoti, "Ndiwaone kaye makolo ake." Ndipo Brian ananena poyera kuti popanda mdalitso wa bambo ake, iye ukwati sangamange.

Choncho Loweruka lina tinanyamuka kupita kwawo ku Syokimau kuti akatione. Tinatenga a Kamanga, mkulu wa mpingo wathu, kuti akhale nkhoswe, poti malume ake enieni a Tadala ali ku Dedza ndipo pasipoti yawo inatha mphamvu kalekale. A Kamanga ndi munthu woongoka kwambiri. Ku tchalitchi ndi amene amamasulira ulaliki, ndipo sadumpha kanthu. Abusa akatsokomola, umachita kuona kuti nawonso akufuna atsokomole.

Tili pa jam ya Mombasa Road, Tadala anandigwira paphewa.

"Adadi, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Lero musalankhule."

"Ndi mwambonso umenewo," anawonjezera mayi ake, Naphiri. "Pa nkhani ya ukwati bambo wa mwana salankhula, amalankhula ankhoswe."

"Mwambo ndimaudziwa ine," ndinatero.

"Kuudziwa mumaudziwa, a Mbewe. Kuutsata ndi kumene sitinakuoneni."

Ndinalonjeza. Ndinachita kukweza dzanja limodzi, lina lili pa chiwongolero.

Mwalimu anatilandira pakhomo atavala suti yotuwa ndi tayi, Loweruka, m'nyumba mwawo momwe. Munthu wamtali, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo ine, munthu wa imvi zanga, ndinapezeka ndikupisira malaya. "Karibu," anatilonjera m'Chiswahili, nkhope ili gwa. Akazi awo, amene kuno amangowatcha Mama Brian, ndiwo anatikumbatira ndi kutikhazika pa mipando.

Kunabwera tiyi. A Kamanga anayamba kufotokoza za banja lathu m'Chingerezi chawo chodekha chija, Mwalimu akungogwedeza mutu pang'onopang'ono osaonetsa mano. Ine ndinali pa moto. Nthabwala zabwinobwino zinkabwera mpaka pamlomo n'kubwerera. Ndikangokoka mpweya, chidendene cha Naphiri chinkafika pa nsapato yanga. Ndinamwa tiyi wambiri tsiku limenelo, pofuna kuti pakamwa pakhale ndi chochita.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuyang'ana pakona. Pamwamba pa kabati panali makina akale oonetsera kanema, aja a magudumu awiri, ndipo pambali pake panali mulu wa zitini zophwatalala zosungiramo mafilimu. Mtima wanga unadumpha. Mwalimu anaona kumene maso anga anali, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inamasuka.

"Mumawadziwa makina amenewa, Bwana Mbewe?"

Ndinayang'ana Naphiri. Funso la mwininyumba sungalisiye m'malere. Ndinagwedeza mutu.

Basi mkulu uja anatseguka. Anati sukulu yawo inkafuna kutaya zonsezo itagula makompyuta, iwo n'kuzipulumutsa. Anati mafilimu amenewo ndi akale kuposa ana athu ndi ife tomwe, ndipo muli chilichonse: mmene mbewu imamerera, mmene amaumbira mbiya, mmene magazi amayendera m'thupi, mmene mwana waulemu amawolokera msewu. Ankagwira zitini zija ngati mazira.

"Chakudya sichinapse," anatero. "Ndikuonetsani imodzi."

Mama Brian anausa moyo, kuusa kwa mayi amene waonera zinthu zimenezo moyo wake wonse. Brian anakhoma mabulangete m'mawindo ndi kupachika nsalu yoyera kukhoma. Mwalimu anakulunga manja a malaya, anakoleka filimu m'magudumu mwaluso, n'kuyatsa. Makina anayamba kulira kuti trrrr, kuwala kunagwa pa nsalu, fumbi likuvina m'kuwalamo. Ngakhale fungo lake ndinalikumbukira.

Koma mawu kunalibe. Mwalimu anatembenuza apa, anagogoda apo, koma zii. Anati kababu kena kamene kamatulutsa mawu kapsa, ndipo masiku ano ungazungulire tauni yonse osakapeza. Nkhope ija inagwa. Ndikunena zoona, ndinawamvera chisoni. Munthu anafuna kuonetsa alendo chuma chake, chuma chija n'kumuchititsa manyazi.

Apa ndiyenera ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono kuti mumvetse chimene chinandilowa. Ndili mwana ku pulayimale kwathu ku Dedza, kunkabwera galimoto ya kanema kudzationetsa mafilimu ngati omwewa. Chingerezi cha m'menemo palibe ankachimva, ndiye bambo wina wobwera ndi galimotoyo ankatsitsa mawu n'kumalankhula yekha pa maiki. Luso lake linali lotcha anthu a mu filimu mayina a anthu a pamalopo. Wa njinga ankakhala ahedi athu, wonenepa ankakhala mwini golosale, mayi wotunga madzi ankakhala mkazi wa mlonda. Ankafika msanga n'kufunsiratu mayina. Dzina lako likagwera munthu wabwino wa mu filimu, unkayenda monyang'wa mlungu wonse. Anzanga ankafuna kudzakhala madokotala ndi oyendetsa ndege. Ine ndinkafuna kudzakhala bambo ameneyo.

Ndiye pamene dzanja la Mwalimu linkapita kukazimitsa makina, ndinamva mawu akuti, "Mwalimu, kwathu ku Malawi filimu sinkasowa mawu." Nditamvetsera bwino, mawuwo anali anga.

Chidendene chinatera pa nsapato. Tadala anatsinzina.

"Izi si za ukwati, ndi za sayansi," ndinawanong'oneza Naphiri, n'kuimirira.

Ndinafotokoza mwambo wathu wa munthu wa pa maiki. Mwalimu anamvetsera, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Filimu imeneyi munaionerapo?"

"Mwalimu, mafilimu amenewa ndi amodzimodzi. Ukaonera imodzi waonera onse."

Mwalimu anakhala pampando, anapinda manja, n'kunena kuti, "Endelea." Ndiko kuti pitirizani. Ndinatola rimoti ya TV patebulo kuti ikhale maiki yanga.

Chiyambi cha filimu chinaduka kalekale, ndiye mutu wake panalibe. Tinangoona nyumba ziwiri zoyandikana, zithunzi zakuda ndi zoyera, zikunjenjemera pang'ono. M'nyumba yoyamba munatuluka bambo wa suti, chipewa pamutu, chikwama m'manja, nsapato zikuwala. M'nyumba yachiwiri munatuluka bambo wa kabudula, malaya a zigamba, kumapazi kuli nkhwaira. Ine sindinachedwe. Ulemu umapita kwa mwininyumba, kudzichepetsa kumatsala kwa mlendo.

"Ladies and gentlemen," ndinayamba, mawu a pa ukwati aja atabwera okha, "bwana mukumuona apayu, wa suti yosita bwinoyu, si wina ayi, ndi Mwalimu Mutinda. Taonani kayendedwe. Taonani chipewa. Munthu wophunzira amaoneka ndi kutali."

Mama Brian anagwira pakamwa ndi nsalu yawo. Ine ndinati mayi akhudzidwa ndi ulemu umene ndapatsa amuna awo.

"Ndipo wa kabudulayu ndi Mbewe, mmphawi wa ku Dedza, wabwera kudzapempha malo pakhomo pa anthu."

Anthu anaseka, ngakhale Tadala anatsegula diso limodzi. Ndinamva kukoma mpaka kumsana. Ndinati lero ukwati uwu ndiumanga ndine.

Bwana wa suti uja anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kulowa m'kanyumba kakang'ono. Ndinati palibe vuto, ngakhale ahedi amapitako. Atatuluka anadutsa pa mpopi osaima. Kamera inakhala pa mpopi uja nthawi yaitali. Kenako inapita pa manja ake. Kenako inabwereranso pa mpopi.

"Monga mukuonera," ndinatero, "Mwalimu ndi munthu wosamala madzi. Akudziwa mmene madzi amavutira mu Nairobi muno."

Wa kabudula naye anatuluka m'kanyumba kake, anaima pa mpopi, anatenga sopo, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, chala chilichonse pachokha, uku akumwetulira.

"Koma Mbewe, mwa chizolowezi chake, akuwononga madzi ndi sopo yemwe."

Anasekanso, koma kuseka kwake kunali kwina. Kamtima kanayamba kundiuza kuti pali chimene sichili bwino. Ndinakauza kuti kakhale chete, ndili pa ntchito.

Wa suti anafika pamsika, anaima pa mayi wogulitsa mandasi osavundikira. Apa kamera inayandikira, ndipo pa nsalu yonse panadzaza ntchentche imodzi, yaikulu ngati nkhuku, ikupukuta manja ake pamwamba pa ndasi. Bwana uja analoza ndasi lomwelo. Analidya. Ananyambita zala, chimodzichimodzi.

"Mwalimu amalimbikitsa mabizinesi ang'onoang'ono," ndinatero, mawu atayamba kuonda.

Anafika ku ofesi n'kuyamba kupereka moni wa m'manja kwa aliyense. Filimu inaima pa dzanja lake, ndipo panaoneka tizilombo tojambula pamanja, ta mano ndi timiyendo, tikuvina pachikhatho. Akagwira munthu dzanja, tizilombo tina tinkadumphira kwa munthuyo, tikugwedeza timanja ngati tikutsanzika.

Apa ndinazindikira. Mafilimu amenewa amakhala ndi anthu awiri, wina wochita bwino, wina wopusa, kuti ana aone kusiyana. Ndinkazidziwa bwinobwino zimenezi. Chimene ndinaiwala n'chakuti opanga mafilimuwo ankakonda kuveka suti wopusayo, kuti ana aphunzire kuti ukhondo si zovala. Ndipo bambo wa pa maiki wa ku Dedza uja filimu iliyonse anali ataionera kambirimbiri asanatchule dzina la munthu.

Ndinaganiza zothawira ku Chichewa, kuti eni nyumba asamve, ndingomaliza ndi anthu anga.

"Abale anga, apa zinthu zavuta," ndinatero m'Chichewa, "koma tinene kuti Mwalimu Mutinda ndi munthu wopatsa, chimene ali nacho amagawira aliyense."

Dzina silimasuliridwa. Mwalimu analimva, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Anasema nini?" Ndiko kuti akuti chiyani.

Brian anayang'ana Tadala. Tadala anayang'ana pansi. Ndipo a Kamanga, munthu amene wamasulira ulaliki zaka zonsezi, thupi lawo linangoimirira lokha. Anakonza jekete, anaika manja kumbuyo, n'kubwereza zonse m'Chingerezi chomveka bwino, kuyambira pa zinthu zavuta mpaka pa kugawira aliyense.

"A Kamanga, khalani pansi," ndinawanong'oneza.

"Akuti ndikhale pansi," anamasulira a Kamanga.

Ndinayesa njira ina. Ndinaseka kaseko kouma n'kunena kuti, "Pepani nonse, ndi mdimawu. Ndinasokoneza. Wa suti uja ndiye Mbewe, Mwalimu ndi wa kabudulayu."

"Hapana," anakana Mwalimu, osatembenuka n'komwe. "M'kalasi mwanga munthu sasintha yankho ataona la mnzake. Endelea."

Ndinapitiriza. Ndikanatani?

Pa nsalu, wa suti anali pa desiki yake akulemba. Mwadzidzidzi anasiya cholembera. Anagwira pamimba. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, nkhope itakwinyika. Kenako anadzambatuka, mpando n'kugwa, ndipo anatuluka pa liwiro la mafilimu akale lija, miyendo ikuphethira. Chipewa chinagwa panjira, sanachitole. Ine ndinangoti kakasi, rimoti ili pakamwa.

"Sitikumva kumbuyo kuno," anatero Mwalimu. "Akuthamangira kuti Mwalimu Mutinda?"

"Ali ndi msonkhano wadzidzidzi," ndinayankha.

Brian anatuluka panja akutsokomola. Mapewa a Mama Brian ankagwedezeka, nsalu ili kumaso, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Bwana uja anafika pa kanyumba kaja n'kupeza muli munthu. Anagogoda. Anavinavina pakhomo. Filimu inachita chifundo n'kutichotsapo, koma inatibwezanso komweko kachiwiri ndi kachitatu, dzuwa la pa chithunzi likusuntha kusonyeza kuti msonkhano unatenga tsiku lonse.

Ndiye ngati kuti zimenezo sizinakwane, inatipititsa kwa wa kabudula. Mbewe akuvundikira chakudya. Mbewe akuwiritsa madzi akumwa. Mbewe wakhala pamphasa ndi ana onenepa bwino, mkazi wake akumuyang'ana mwachikondi. Chilichonse chimene ndikananena apa chikanakhala kudzitama m'nyumba ya eni, ndiye ndinangoti, "Uyu mukumudziwa kale."

"Mbewe ameneyo ndiye ndikanakwatiwa naye," ananong'ona Naphiri. Mwamwayi a Kamanga sanamve.

Mapeto ake anafika. Wa suti anali gone pa bedi m'chipatala, masaya atalowa, suti ili pa msomali. Dokotala anamugwira pamkono, anayang'ana wotchi, n'kupukusa mutu. Kenako nkhope ziwiri zija zinaoneka pamodzi. Pa nkhope ya Mbewe panabwera chizindikiro chochonga, chija amalemba aphunzitsi ukakhoza. Pa nkhope ya Mwalimu Mutinda panagwa chi-X chachikulu, mzere uwu, kenako mzere uwo. Filimu inatha, kamchira kake n'kumamenya makina kuti pha pha pha, popanda woizimitsa.

Brian atachotsa mabulangete m'mawindo, ndinaona nkhope ya mwana wanga. Misozi inali italengeza m'maso, akuyang'ana zala zake. Apo nthabwala zonse zinandithera. Mwanayu anandipempha chinthu chimodzi chokha, chosafuna ndalama kapena mphamvu, ndipo ine ndinabwera m'nyumba ya anthu amene ankatikayikira kale, ndinatenga bambo wa nyumbayo n'kumutsegula m'mimba pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake, kenako n'kumugoneka m'chipatala. Ndinabweza rimoti patebulo mwakachetechete. Mtima unandiwawa kwambiri.

Mwalimu anazimitsa makina, anabweza filimu m'chitini chake, n'kutseka.

Mama Brian anatiitanira ku chakudya, maso ali ofiira. Anabweretsa beseni, jagi ya madzi ndi sopo. Mwalimu anati ayambe ndi iwo. Anavula jekete, anakulunga manja a malaya mpaka m'zigongono, ndipo anayamba kusamba. Anasamba chikhatho, kuseri kwa dzanja, pakati pa zala, pansi pa zikhadabo, osathamanga, maso ali pa ine. Madzi a mu jagi anatha, anaitanitsa ena. Atamaliza anakweza manja onse awiri, anawatembenuza uku ndi uku.

"Bwana Mbewe, mwakhutira?"

"Kwambiri, Mwalimu," ndinatero ndi mawu a mwana wa Sitandade 1.

Panali mpunga wa pilau, nyama yootcha ndi muthokoi, chimanga chokonola chophika pamodzi ndi nyemba chimene anthu a kwawoko amanyadira. Akuti chakudyacho chinali chokoma. Ine sindinamve kalikonse, ndinkangotafuna. Tsiku lonse lija ndinkafuna mpata wolankhula, tsopano mpata unalipo wambiri, mawu ndiwo ndinalibe.

Titatha kudya, a Kamanga anakonza kukhosi kuti ayese kutola zimene zinatsala za nkhani imene tinadzera. Mwalimu anakweza dzanja.

"Nkhani imeneyo idikire. Pali filimu ina, ya sayansi. Brian, bwezera mabulangete." Anatola rimoti ija patebulo, anaiyang'ana, n'kuigwira ngati maiki. "Filimu yoyamba ija ndaionetsa kwa ana a sukulu kuyambira ndili mnyamata, ndimaidziwa ngati pemphero. Ana ankagona. Lero ndi tsiku loyamba kuona anthu akuionera maso ali gwa. Ndiye njira ya ku Malawi ndaiphunzira. Ino ndilankhula ndine."

Makina analiranso. Pa nsalu panaoneka dziwe, udzu m'mbali, ndi mwala pakati. Pamwalapo panakhala chule wamkulu, wamimba, maso ali tong'o. Khosi lake linafufuma, linaphwa, linafufumanso, kukamwa kukugwira ntchito mwakhama koma mawu osamveka.

"Ladies and gentlemen," anatero Mwalimu, nkhope ili gwa ngati poyamba, "uyu ndi Bwana Mbewe. Monga mukuonera, akulankhula. Palibe amene wamufunsa."

A Kamanga anaimirira n'kumasulira m'Chichewa, ngakhale tonse Chingerezi timachimva.

Pafupi ndi mwala uja panali chule wina wocheperapo. Anayang'ana wamkulu uja kwa kanthawi, kenako anadumphira m'madzi.

"Awa ndi Mama Tadala. Atopa."

Naphiri anaseka mpaka kugwira a Kamanga pamkono. Mkazi amene ndakhala naye zaka zonsezi, kundiseka ine mlendo mnzake m'nyumba ya eni. Chule uja anatulutsa lilime lalitali n'kugwira ntchentche imene inkadutsa.

"Apa tikuona kuti lilime la Bwana Mbewe nthawi zina limagwira ntchito yothandiza. Ntchentche imeneyo ndi ija inandidwalitsa ine."

Brian anali atagwa pakapeti ndi kuseka. Ine ndinangokhala, manja pamaondo, kulandira chilango changa. Kunena zoona mkuluyo ankatha. Ankadziwa podikira ndi poponya mawu, ndipo kansanje kanandigwira pang'ono.

Kenako kamera inalowa pansi pa madzi, ndipo panadzaza ambululu, timitu ndi timichira, tikusambira mwakachetechete. Kamodzi kanapatuka pagulu n'kubwera pafupi, kakugwedeza kamchira.

Mwalimu anatsitsa mawu. "Awa ndi ana a Bwana Mbewe. Taonani aka. Kofatsa, kaulemu, kosasokosa. Aka ndi Tadala." Anaima pang'ono, makina okha akulira. "Koma sayansi imatiuza kuti kakakhalitsa m'dziwe la bambo ake, kadzamera khosi lomwe lija. Choncho ife a kwa Mutinda tagwirizana kuti tikachotsemo msanga. Tunamchukua. Tikumutenga mwanayu, akhale wathu."

A Kamanga anayamba kumasulira, koma anafika pakati mawu n'kuwathera, koyamba m'mbiri yawo. Naphiri anaimba nthungululu mpaka agalu a oyandikana nawo nyumba anauwa, ndipo mwina ndi pamene panachokera nkhani ya agalu ija. Mama Brian anakumbatira Tadala, Tadala akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa fumbi la makina akalewa limalowa m'maso.

Mabulangete atachotsedwa, Mwalimu anabwera pamene ndinakhala. Nkhope ija inali itamasuka tsopano, mano onse ali panja, ndipo ndinaona kuti munthuyu anakhala akudziletsa kuseka kuyambira pamene ndinatchula dzina lake. Ndinaimirira kuti ndipepese. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anatambasula dzanja lawo kwa ine.

"Gwirani, Bwana Mbewe, musaope. Ndasamba!"

Ukwati unachitika, unali wabwino kwabasi. Maiki anapatsa a Kamanga, ine anandikhazika kutsogolo pakati pa Naphiri ndi asewere anga, wina chidendene chili chokonzeka, wina akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ku tchalitchi ana a Amalawi anzanga akandiona amafufumitsa masaya, makolo awo n'kumanamizira kuwakalipira. Asewere akuti kababu ka mawu kaja anakapeza, koma sakufuna kukaika.

Ine phunziro langa ndi lakuti, usanatche munthu wa mu filimu dzina la asewere ako, yamba waona ngati amasamba m'manja.